Waya Woperewera wa Ellina

1. Mota ya chigayo

Mota ya chigayo cha a Albert itapsa, mudzi wonse unadandaula, koma ana a kalabu ya wailesi anavina. Musawaweruze msanga. Mukanakhala inu, mutatha miyezi itatu mukufunafuna waya wa kopa osamupeza, mukanavina kuposa iwowo.

Kalabuyo inali pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Ndunde, m'boma la Chiradzulu. M'kaundula munali mayina khumi ndi awiri, koma obwera tsiku ndi tsiku anali atatu: Ellina Limbikani wa Fomu 3, mnzake wa pamtima Hidaya, ndi Geoffrey, mnyamata amene ankadziwa chilichonse asanauzidwe.

Wowaphunzitsa anali a Mathero, bambo wachikulire amene anakonza mawailesi ku Limbe zaka makumi atatu asanabwerere kumudzi. Iwo anali ndi wailesi yawoyawo, osati yongomvera mpira ayi, koma yolankhulirana ndi anthu akutali. Anali nacho chiphaso cha boma chowaloleza kutero. Anthu a m'deralo ankangoitcha ovaova ya a Mathero.

Ovaova imeneyi sinali yamasewera. Chaka cha namondwe, mafoni onse atazima ndipo milatho itapita ndi madzi, ndi iyo inaitana thandizo. Mwa anthu amene anafika kuchipatala chifukwa cha uthenga wake munalinso bambo ake a Ellina, khoma litawagwera pamwendo. Mpaka lero amayenda ndi ndodo, koma akuyenda.

Tsono a Mathero anabwera ndi nkhani yoti mtima udumphe. Mnzawo wina, mphunzitsi ku Gurue m'dziko la Mozambique, anavomera kuti ana ake alankhulane ndi ana a kuno. Tsiku linali Loweruka, nthawi leveni koloko m'mawa.

“Akatidikira theka la ola basi,” anatero a Mathero. “Batire lawo ndi lotopa. Ikakwana hafu leveni azimitsa.”

Ku Gurue! Kumene agogo a agogo a mabanja ambiri a kuno anachokera wapansi, mitolo ili pamutu! Nkhaniyo inayenda m'midzi kuposa njinga ya kabaza. Chotsala chinali chimodzi: eriyo yoti mawu atulukire. N'chifukwa chake a Albert atawapatsa mota yakupsayo, anawo anaipasula masiku awiri mpaka zala kutupa, n'kutulutsamo waya wofiirira wokwana bwinobwino.

2. Nsungwi kapena waya wogona

Lachitatu ataweruka, anakhala pansi pa bulugamu wa kuseri kwa Fomu 4 kuti asankhe eriyo yoti apange.

“Apa palibe zokambirana,” anatero Geoffrey. “Tidule nsungwi ziwiri, tizilumikize, waya akwere mpaka kunsonga. Kwa malume anga ku Namadzi eriyo yawo inapitirira mtengo wa mango, ndipo TV imaoneka ngati anthuwo ali m'nyumba momwemo.”

“Nanga ife tikufuna kuonera TV?” anafunsa Hidaya.

A Mathero anaseka, kenaka anavula magalasi awo okhuthala aja n'kuwapukuta ndi malaya.

“Geoffrey mwanawe, eriyo sasankha chifukwa yatalika kapena yakongola. Umayamba wadzifunsa kuti ndikufuna kulankhula ndi ndani, nanga ali kutali bwanji. Yoimirira ngati yakoyo si yoipa ayi. Imaponya mawu cham'mbali, ndipo tsiku labwino ikhoza kukufikitsa kutsidya kwa nyanja yamchere. Koma imafuna mawaya ena ambiri oyala pansi, amene ife tilibe. Chinanso, anzathuwa sali kutsidya kwa nyanja. Ali kuseri kwa phiri la Mulanje. Ukaponya mawu cham'mbali akagunda phiri. Tikufuna eriyo yoti iponye mawu m'mwamba, akabwerere kumwambako n'kugwera kuseri, monga muja umaponyera mwala kuti udumphe denga. Ndani angandijambulire eriyo yotero?”

Ellina anatola kamtengo n'kujambula padothi. Anajambula mitengo iwiri, waya atagona pakati pake.

“Mawaya awiri ofanana, wina uku wina uku,” anatero. “Pakati tiike kapaipi ka pulasitiki kuti asakhudzane. Kebulo yochokera ku wailesi ifikire pamenepo. Kunsonga kulinso timapaipi, kenaka zingwe zomangira ku bulugamu uyu ndi ku mango uyo.”

“Ndi imeneyo!” anakuwa a Mathero, n'kumenya ndodo pansi mpaka fumbi kubuka. “Yophweka, yosadula, ndipo simanamiza munthu. Wasankha ndiwe, udulanso ndiwe. Ndipo lamulo langa mukulidziwa: wodula waya ndiye woyamba kulankhula.”

Ellina anadumpha n'kumukumbatira Hidaya mpaka onse kugwera m'masamba. Geoffrey anangoti, “Tiona,” koma nkhope inali itagwa. Anapempha kuti waya wotsala adzamupatse, apange yake ya nsungwi yongomvetsera, ndipo a Mathero anavomera.

3. Chenjezo la a Mathero

Asanabalalike, a Mathero anamuitana Ellina pambali. Kuseka kuja kunali kutatha.

“Mwanangu, tchera khutu. Mbali iliyonse ikhale mamita khumi. Osati khumi ndi pang'ono, osati khumi kuchotsa pang'ono. Wailesi ikamatumiza mawu imakankhira mphamvu mu waya. Waya akakhala wa muyeso wake, mphamvu yonse imatuluka n'kupita. Akaperewera, mphamvu ina imasowa kolowera, imabwerera m'wailesi n'kuyamba kuotcha zam'kati. Wailesi za masiku ano zimadziteteza zokha. Yangayi ndi nkhalamba ngati ine ndemwe. Sidandaula, siichenjeza, imangopsa. Ikapsa, zitsulo zake sungazipeze ku Limbe, ngakhale ku Joni. Kale ndinali ndi kachipangizo ka singano kondiuza ngati waya ali bwino, koma kanalowa madzi chaka cha namondwe. Maso anganso ndi awa, manambala sindikuwaona. Tsono maso anga ndiwe. Uyeze ndi zoyezera ziwiri zosiyana, china chitsimikize chinzake. Wamva?”

“Ndamva, bambo.”

“Chomaliza, ndipo ichi chikhale m'mutu mwa aliyense. Mwezi uno mvula ya chizimalupsa sipangana ndi munthu. Mukatha kugwiritsa ntchito, kapena mukangomva bingu, zulani kebulo kumbuyo kwa wailesi muiponye panja pa windo. Waya wopachika m'mwamba amaitana mphenzi.”

Mawa lake, Lachinayi, Ellina anabwera ndi tepi ya amayi ake. Mayi Limbikani ndi telala, amasokera pakhonde la sitolo pa Ndunde. Tepi yatsopano anali atapita nayo kuntchito, ndiye Ellina anangotola yakale imene inkalendewera pa msomali kuseri kwa chitseko. Kunsonga kwake kunali kansalu kofiira kosokereredwa bwino, ndipo kumapeto kunalembedwa 150.

Choyezera chachiwiri chinayenera kukhala rula yaitali ya pabolodi. Koma rulayo inali itatsekeredwa mu ofesi, ndipo ahedi anali atapita ku Boma ndi makiyi.

“Tidikire mawa,” anatero Hidaya.

“Mawa?” Geoffrey anaseka ali chigonere pa udzu. “Atsikana inu mudzamaliza Khirisimasi. Ndipatseni ine wayayo, mphindi zisanu zokha ndathana naye.”

Mawu amenewo anamulowa Ellina ngati tsabola m'maso. Anatambasula waya pabwalo la mpira, Hidaya atagwira kunsonga. Anayala tepi yonse kasanu ndi kamodzi, n'kuwonjezera mpaka pa 100. Mamita khumi. Anabwerezanso ndi tepi yomwe ija, ndipo zinafanana ndendende. Khapu! Anadula. Mbali inayo chimodzimodzi, khapu! Waya wotsala anamuponyera Geoffrey, amene anathamanga naye ku nsungwi zake.

Lachisanu anakweza eriyo. Inawala padzuwa pakati pa bulugamu ndi mango, ana a Fomu 1 akuombera m'manja ngati aona ndege.

“Unayeza kawiri?” a Mathero anamufunsa Ellina, ataphimba maso ndi dzanja kuyang'ana m'mwamba.

“Eya, bambo.”

“Ndi zoyezera ziwiri?”

Hidaya anayang'ana pansi.

“Eya, bambo,” anatero Ellina.

4. Tepi ya telala

Loweruka linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Pofika teni koloko pasukulu panali ngati pali ukwati. Amayi anadzaza pansi pa mango, abambo pa mabenchi, ana m'mawindo. Mayi wina wa mandasi anabwera ndi mbaula yake n'kuyamba kukazinga pomwepo. Ahedi anavala taye.

Tebulo analiika pafupi ndi windo la kachipinda ka kalabu, chitseko chili chitsegulire kuti onse aone. Ovaova inali pamenepo itapukutidwa, batire la galimoto lili pansi pake, kebulo yakuda itatulukira pawindo n'kukwera ku eriyo. A Mathero anatsegula, ndipo munamveka phokoso ngati la mvula pa malata, mawu a anthu akutali akudutsamo apo ndi apo. Khamu lonse linati, “Eeee!”

Bambo Limbikani anakhala pa benchi yakutsogolo, atavala jekete la kutchalitchi, ndodo ili pakati pa miyendo. Sabata yonse anakhala akumuphunzitsa Ellina moni wa Chilomwe, umene iwonso anautola kwa agogo awo ali mwana. Ankauza aliyense wokhala pafupi kuti, “Woyamba kulankhula ndi mwana wanga. Wayayo wadula ndi iyeyo.”

Ellina sankatha kukhala pansi. Ankangozungulira, akubwereza moni uja chapansipansi, mpaka anagundana ndi amayi ake amene ankafika kumene kuchokera ku Ndunde.

“Iwe, unatsala pang'ono kundigwetsa! Tepi yanga yakale ija uli nayo ndiwe? Ndaifuna nyumba yonse.”

“Ili m'chikwamamu, amayi. Ndinayezera waya.”

“Oho. Ndiye unakumbukira kuti imayambira pa teni?”

“Pa teni bwanji?”

“Aaa, mwana iwe! Si ija inapsa ndi ayironi kunsonga? Ndinadula popsapo n'kusokerera kansalu kuti isamasosoke. Ine ndinazolowera, ndimangochotsera teni m'mutu. Anthu onse ndimawasokera ndi yomweyo, palibe anabweza diresi.”

Mayi Limbikani anapitirira kukapereka moni kwa anzawo. Ellina anatsala chiimire. Kenaka anatulutsa tepi ija n'kukankha kansalu kofiira kaja ndi chikhadabo. Nambala yoyamba kuonekera inali 11.

Anamukoka Hidaya kupita kuseri kwa kalasi. Geoffrey, amene sankafuna kuti chinthu chimudutse, anawatsatira. Ellina anagwada n'kulemba padothi. Tsiku lija anali atayala tepi kasanu ndi kawiri mbali iliyonse. Ulendo uliwonse pankasowa masentimita khumi.

“Sevente,” anatero Ellina. “Mbali iliyonse yaperewera ndi masentimita sevente.”

“Mayo ine!” Hidaya anagwira pakamwa.

Geoffrey anayang'ana wotchi ya pa foni yake. Inali 10:40.

“Tamvera, Ellina,” anatero motsitsa mawu, ndipo ulendo uno sankaseka. “Sevente ndi chiyani pa mamita khumi? Kamkono kamodzi basi. Mwamva nokha kuti ikukoka bwinobwino. Mdalayo saona, sadziwa kanthu. Ukaulula pano, pamaso pa anthu onsewa, bambo ako aika kuti nkhope? Ulankhule mwachangu, mphindi ziwiri, basi. Mwina siipsa.”

“Kukoka ndi kwina, kutumiza ndi kwina,” anatero Hidaya. “Anatiuza.”

“Ndati mwina siipsa!”

Ellina anasuzumira pakona ya kalasi. Bambo ake anali akuimirira movutikira, atatsamira ndodo, kuti apatse malo gogo wina. Kutsogolo kwawo a Mathero anali atanyamula maikolofoni.

“Tiyese kaye ngati mawu akutuluka,” ankatero a Mathero kuuza ahedi, chala chili pa batani.

5. “Musadine!”

Mmene Ellina anathamangira, nsapato imodzi inatsala m'njira.

“Musadine! Bambo, musadine!”

Anthu onse anatembenuka. Ngakhale mayi wa mandasi anasiya kutembenuza mandasi ake. A Mathero anachotsa chala pa batani pang'onopang'ono.

“Chavuta n'chiyani, mwanangu?”

“Waya ndi woperewera. Mbali iliyonse masentimita sevente. Tepi ya amayi ndi yoduka kunsonga, ine sindinadziwe.”

Wina kumbuyo anaphulika kuseka. “Wayezera tepi ya madiresi!” Ena anatsatira. Mayi Limbikani anafunda chitenje kumaso. Ahedi anakoka taye yawo ngati yawathina.

A Mathero sanaseke. Anaika maikolofoni patebulo.

“Nanga choyezera chachiwiri chinati bwanji?”

Apa ndiye panali povuta. Ellina anayang'ana bambo ake, kenaka anayang'ana pansi.

“Panalibe chachiwiri. Rula inali yotsekeredwa, ine ndinafulumira. Ndinakunamizani.”

Kuseka konse kunazima. Misozi inayamba kutsika pamasaya a Ellina, ndipo sanaipukute. Manyazi amene anamva tsiku limenelo sanawamvepo chibadwire.

A Mathero anaika dzanja lawo pa wailesi. Kenaka anayankhula mokweza kuti onse amve.

“Inu mukusekawo, sekani bwino. Tepi yoduka si mlandu. Ine ndemwe ndinadulapo mawaya olakwika osawerengeka, ena mpaka ndinalira nawo. Kulakwitsa muyeso kumakonzeka ndi pulayala. Chimene chikanatiphera wailesi lero si tepi ayi, ndi ‘eya’ amene mwanayu anandiyankha dzulo. Ndikanadina apa, ndikanaitana mphindi zisanu, khumi, ndikukhulupirira ‘eya’ ameneyo, mpaka utsi. Ndiye tsiku lina mvula ikadzabweranso ngati ija, mafoni n'kuzima, tikanadzaitana ndi chiyani? Ana inu, pa ntchito ya manja munthu akakufunsa kuti wachita, ngati sunachite unene kuti sindinachite. Akukalipira, inde, koma chinthu chipulumuka. Za bodzalo tikambirana. Pakali pano nthawi ili bwanji?”

“10:48,” anatero Geoffrey.

“Ahedi, rula! Hidaya, masula chingwe cha ku mango! Tikufuna waya wina, zidutswa ziwiri za sevente ndi kapadera kopotera. Wotsala uja ali kuti?”

Maso onse a kalabu anapita pa nsungwi ya Geoffrey. Inaima monyadira pafupi ndi bwalo la mpira, waya atakwera mpaka kunsonga, kansanza ka buluu kakuuluzika pamwamba. Mnyamatayo anaimanga masiku awiri, ndipo m'mawa wonse ankaionetsa kwa atsikana a Fomu 2.

Geoffrey anayang'ana nsungwi yake, anayang'ana Ellina. Anakanda m'mutu.

“Aaa, zinthu zake,” anatero. “Anyamata, tiyeni tiigwetse!”

6. Mpikisano ndi wotchi

Koma abale, ntchito inagundika! Nsungwi inagwa ndi mkokomo, ana n'kukuwa. Ahedi anathamanga okha kukatenga rula, taye ikuuluka paphewa. Eriyo inatsitsidwa n'kuyalidwa pabwalo, abambo anayi atagwira kuti mbuzi zisapondepo.

Ellina anayeza ndi rula ya pabolodi, akuwerenga mokweza, khamu lonse likuwerenga naye. “Wanu! Thuu! Fili!” Itakwana naini, panatsala masentimita makumi atatu okha. Zinali zoona. Mayi Limbikani anavundukula chitenje chija, anatulutsa tepi yawo yatsopano m'kachikwama n'kugwada pafumbi ndi diresi lawo labwino.

“Choyezera chachiwiri ndi ichi,” anatero. “Iyi ndiye imayambira pa wanu.”

Zoyezera ziwirizo zinagwirizana. Geoffrey anadula zidutswa. Hidaya ndi Ellina anapala nsonga za waya ndi mpeni mpaka utoto wofiirira uja utachoka, kopa n'kuwala, chifukwa a Mathero anati waya wa mota amakhala wokutidwa ndipo osapala salumikizana. Anapota zolimba ndi pulayala.

“Chitsulo changa chowotcherera chikufuna moto,” anatero a Mathero.

“Moto ulipo kuno!” anakuwa mayi wa mandasi. Anaphula chiwaya n'kubwera ndi mbaula yonse pakati pa bwalo, akukupiza ndi chivindikiro cha ndowa.

“Leveni yakwana!” wina anafuula.

“Isiyeni ikwane,” anayankha a Mathero. “Chitsulo sichimva wotchi.”

Chitsulo chinachedwa kufiira. Mtovu wolumikizira waya unakana kugwira ulendo woyamba, anapalanso. Mbali yoyamba inatha 11:10, yachiwiri 11:18. Anayezanso, ndi rula ndi tepi. Mamita khumi uku, mamita khumi uko. Pokweza, chingwe cha ku mango chinakodwa pa nthambi, ndipo Geoffrey anakwera ngati nyani kukachikodola, buluku lake n'kung'ambika kumbuyo. Palibe amene anamuseka, kupatula Hidaya.

Inali 11:24 pamene a Mathero anakhala pampando. Anatchula nambala yawo ya pa wailesi, n'kuitana mnzawo wa ku Gurue. Anasiya batani. Phokoso la mvula pa malata basi.

Anaitananso. Chete.

Ellina anagwira dzanja la Hidaya mwamphamvu mpaka mnzakeyo anati, “Ukundithyola.” Ngati anzawo aja anali atazimitsa kale, ndiye kuti anthu onsewa anayendera pachabe chifukwa cha iye.

A Mathero anaitana kachitatu. Phokoso lija linang'ambika pakati, ndipo munatuluka mawu a bambo, omveka ngati ali kuseri kwa khoma, akulankhula Chinyanja chopindika.

“Tikukumvani, Chiradzulu! Tikukumvani bwino kwambiri! Mwachedwa kuti, abale?”

Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinamveka mpaka ku chigayo. Ahedi anakumbatira mlonda. Ana anagwa m'mawindo.

A Mathero anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Anayang'ana Ellina, maikolofoni ili m'manja.

“Lamulo langa limati wodula waya ndiye woyamba. Koma wondinamiza sangakhale woyamba. Ukhala womaliza. Hidaya, bwera.”

Ellina anagwedeza mutu n'kubwerera m'mbuyo. Zinamupweteka zedi, koma sanatsutse.

Hidaya anatchula dzina lake ndi kalasi yake. Mtsikana wa kutsidyako anayankha, koma anayankha m'Chilomwe chothamanga. Hidaya ndi Myao, sanatolepo kanthu. Anatembenuka maso ali tong'o, n'kuona bambo Limbikani atatsamira kutsogolo, milomo ikugwedera. Anawapatsira maikolofoni.

“Mosheliwa!” anakuwa bambo Limbikani, ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

Kutsidyako kunamveka ana ambiri akuseka ndi kuyankha pamodzi. Bambo Limbikani anapitiriza ndi Chilomwe chawo chothyokathyoka, akutchula dzina la agogo awo ndi la phiri limene ankalisimba. Misozi inkagwera pa jekete la kutchalitchi. Agogo ena pa mabenchi ankangoti, “Ee, ee, ndi komweko.”

Geoffrey analankhulako mawu awiri, dzanja limodzi litagwira buluku kumbuyo. Kenaka a Mathero anamukodola Ellina. Iye anapukuta manja pa siketi, anakoka mpweya, n'kutambasula dzanja.

“Chiradzulu, batire lathu latha,” anatero mawu aja, akuzilala. “Loweruka likubwerali, nthawi yomweyino. Tsalani bwi…”

Kunatsala phokoso lokha. Ellina anaima ndi maikolofoni m'manja, moni wake wa sabata yonse uli pakamwa.

7. Kiyi

Anthu anabalalika akuimba. Mandasi onse anatha. M'kachipinda munatsala a Mathero ndi Ellina, amene ankapinda mawaya otsala osayang'ana munthu.

“Bwera kuno,” anatero a Mathero. “Ika dzanja apa.”

Ellina anaika dzanja kumbuyo kwa wailesi.

“Ukumva chiyani?”

“Yangofunda pang'ono.”

“Yangofunda pang'ono. Ikanakhala ya waya wako wa Lachinayi, bwenzi pano tikukupiza utsi. Bodza lako lakulanda moni. Ndi malipiro ake amenewo, ndipo sindikupepesa. Koma kuthamanga kwako kwandisungira wailesi, pamaso pa anthu onse aja, nsapato imodzi. Zimenezo akuluakulu ambiri sangathe.”

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi womangidwa pa kachingwe.

“Masana ano ndikupita ku Blantyre, akandione masowa. Ndibwera Lachisanu. Sindingayende nayo wailesiyi pa minibasi. Kutumiza mawu usayerekeze, chiphaso ulibe. Koma kuisunga, uisunga ndiwe.”

“Ine, bambo? Pambuyo pa zonsezi?”

“Chifukwa cha zonsezi. Tenga, kabaza akundidikira.”

Ellina anavala kiyiyo m'khosi. Anatseka chitseko, anakoka loko kawiri kuti atsimikize, n'kuthamangira makolo ake amene anali atayamba kale ulendo.

Njira yonse bambo ake sanatseke pakamwa. Anabwereza zonse zimene ana a ku Gurue ananena, ndi zina zimene sananene. Za bodza lija anangoti, “Wandichititsa manyazi mphindi zisanu, wandinyaditsa tsiku lonse. Usadzabwerezenso zoyambazo.” Mayi Limbikani anati tepi yakale ija akaiponya m'chimbudzi lero lomwe.

Anali atawoloka kamtsinje, atayenda pafupifupi ola lathunthu pa liwiro la ndodo ya bambo, pamene mphepo yozizira inawaomba kumsana. Ellina anacheuka. Kumbali ya phiri la Chiradzulu kunali kutada bii, ndipo mtambowo unkalunjika kusukulu.

Kenaka bingu linagunda, lalitali, lochokera pansi.

Ellina anaima. Dzanja lake linapita pa kiyi wa m'khosi. Anaona m'maganizo tebulo lija, windo lija, ndi kebulo yakuda ikutsika kuchokera ku eriyo. M'chisangalalo chonse chija, a Mathero anazimitsa wailesi, iye anatseka chitseko, koma panalibe amene anapita kumbuyo kwa tebulo.

“Amayi, gwirani chikwamachi.”

“Ukupita kuti, mvula ikubwerayi?”

“Kebulo! Sitinazule kebulo!”

Anavula nsapato zonse ziwiri n'kuziponya m'manja mwa amayi ake. Madontho oyamba anali atayamba kale kuboola fumbi pamene analiyatsa liwiro kubwerera kusukulu.